Mariano Rivera ndi mpira wothyola ndodo

Mu masewero a baseball muli ntchito ina imene mwini wake amakhala pansi pafupifupi maola atatu akuonerera, kenaka n'kudzuka kukagwira ntchito ya mphindi khumi zokha. Akalakwitsa m'mphindi khumizo, thukuta lonse la anzake limapita pachabe, ndipo aliyense m'bwalomo amadziwa amene wataya masewero. Mawa lake akamuitana, ayenera kudzukanso. Ameneyu ndi woponya wolowa m'malo, makamaka uja amamutchula kuti closer, wotseka masewero. Mariano Rivera wa ku Panama anagwira ntchito imeneyi mu timu ya New York Yankees kuyambira 1997 mpaka 2013, ndipo zaka zonsezo ankadalira kaponyedwe kamodzi kamene womenya aliyense ankadziwiratu kuti ndiko kakubwera. Chofunika kuchimvetsa n'chakuti zinatheka bwanji munthu kukhala zaka 17 pa ntchito imene ambiri imawatha m'zaka zowerengeka, n'kudzaisiya adakali katswiri.

Kwa amene baseball ndi yachilendo, zoyenera kudziwa n'zochepa. Masewero amodzi amakhala ndi zigawo 9 zotchedwa inning. M'chigawo chilichonse timu imodzi imamenya mpaka omenya ake atatu atatulutsidwa, kenaka matimu amasinthana. Woponya amaima pa kachulu ka dothi kotalika masentimita 25, pa mtunda wa mamita 18.44 kuchokera pa kachimbale ka mphira kotchedwa home plate, kotambalala masentimita 43, pamene womenya amaima pambali pake. Mpira ukadutsa pamwamba pa kachimbaleko, pakati pa mawondo ndi chifuwa cha womenya, amati strike, ndipo akauphonya pomenya imakhalanso strike. Ma strike atatu, watuluka. Mpira ukadutsa kunja kwa malo amenewo iye osauyesa, amati ball, ndipo ma ball anayi amamupatsa mwaulere base yoyamba, imodzi mwa malo atatu amene womenya amathamangira n'kuimapo pozungulira bwalo. Chigoli chimawerengedwa wothamanga akazungulira ma base onse n'kubwerera pa home plate.

Lamulo limene linabala ntchito ya Rivera ndi lakuti wosewera akachotsedwa m'masewero sabwereranso tsiku limenelo. Woponya woyamba amaponya mipira pafupifupi 100, mkono n'kutopa, ndipo amapuma masiku anayi asanayambenso masewero ena. Zigawo zotsala zimagwera oponya olowa m'malo, amene amadikira kumalo awo otchedwa bullpen, kawirikawiri kuseri kwa mpanda wa bwalo. Kumeneko kuli foni yolumikizana ndi benchi ya mphunzitsi. Ikalira, amene watchulidwa dzina amavula jekete n'kuyamba kutenthetsa mkono. Akafika pa kachulu, m'nthawi ya Rivera ankaloledwa mipira 8 yoyeserera basi. Timu imasewera masewero 162 pa chaka, pafupifupi tsiku ndi tsiku kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo wotseka amaitanidwa maulendo 60 kapena 70, nthawi zina masiku atatu otsatizana.

Ntchito ya wotseka amaiyeza ndi chiwerengero chotchedwa save. Anachiyambitsa ndi mtolankhani wa ku Chicago, Jerome Holtzman, ndipo chinavomerezedwa mu 1969. Kuti munthu alembedwe save ayenera kumaliza masewero amene timu yake yapambana, asakhale iyeyo wolembedwa kuti ndiye woponya wopambana, ndipo akwaniritse chimodzi mwa zitatu: alowe timu ikutsogola ndi zigoli zosapitirira zitatu n'kuponya inning yathunthu, kapena alowe pamene munthu amene angafananitse zigoli ali kale pa base, akumenya, kapena ndiye wotsatira kumenya, apo ayi aponye ma inning atatu omaliza. Muyeso umenewu uli ndi chilema. Kutulutsa anthu atatu uli ndi zigoli zitatu m'thumba n'kopepuka kusiyana ndi kulowa m'chigawo cha 7 ma base onse atadzaza, komatu woyambayo ndiye amalembedwa save, winayo ayi. Chiyambire pamene Tony La Russa anayamba kusungira Dennis Eckersley chigawo cha 9 ku Oakland, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, aphunzitsi ambiri anazolowera kugwiritsa ntchito woponya wawo wodalirika motsatira lamulo la save. N'chifukwa chake ma save 652 a Rivera, ngakhale palibe wina amene anawafikapo, ine sindiwayesa umboni waukulu wa luso lake.

Rivera anabadwa pa 29 Novembala 1969, n'kukulira ku Puerto Caimito, mudzi wa asodzi m'mphepete mwa nyanja ya Pacific. Bambo ake ankayendetsa boti logwira nsomba zing'onozing'ono. Ana a m'mudzimo ankasewera pamchenga, mpira wake wokulunga ndi zidutswa za ukonde n'kumata tepi, gulovu yake yodula pa katoni ya mkaka. Amene anakula akumenya chikulunga pafumbi sangadabwe nazo. Mtima wa Rivera unali pa mpira wa miyendo, koma akakolo anamuvuta, ndipo atasiya sukulu anakwera boti la bambo ake. Baseball ankangosewera m'timu ya m'dera lawo, komanso sanali woponya. Herb Raybourn, amene ankasakira Yankees osewera, anamuona akuponya mipira yochepa chabe n'kumusainitsa mu Febuluwale 1990 pa madola masauzande owerengeka. Anali ndi zaka 20, woonda, mpira wake wothamanga makilomita pafupifupi 140 pa ola, liwiro losaopsa aliyense mu ligi yaikulu ya ku America. Chimene Raybourn anaona ndi kayendedwe ka thupi, mkono womasuka umene sunkakakamiza mpira.

Zaka zotsatira sizinalonjeze zambiri. Mu Ogasiti 1992 anachitidwa opaleshoni ya chigongono. Pa 23 Meyi 1995 anasewera koyamba mu ligi yaikulu ngati woponya woyamba, ndipo California Angels inamumwetsa zigoli 5 asanamalize ma inning anayi. Anabwezedwa ku timu yaing'ono ya ku Columbus, ndipo kumeneko liwiro lake linakwera mwadzidzidzi kufika makilomita 153 pa ola. Gene Michael, amene ankayang'anira zogula ndi kugulitsa osewera, atamva zimenezo anasiya zokambirana zomusinthanitsa ndi David Wells wa ku Detroit. Mu 1996 mphunzitsi Joe Torre anamupatsa chigawo cha 7 ndi cha 8, kukonzera njira wotseka wa nthawiyo, John Wetteland. Anaponya ma inning opitirira 107, n'kutulutsa omenya 130 ndi ma strike, Yankees n'kutenga chikho cha World Series, mpikisano womaliza wa chaka mu ligi yaikulu. Wetteland atapita ku Texas Rangers, chigawo cha 9 chinakhala chake. Anayamba moipa, pa mwayi 6 woyamba wa save anataya utatu.

Chapakati pa 1997, akuponyerana mpira ndi mnzake Ramiro Mendoza masewero asanayambe, mpira wa Rivera unayamba kukhota wokha, moti Mendoza anadandaula kuti ukumuvuta kuwakha. Rivera sanasinthe kanthu mwadala. Iye ndi mphunzitsi wa oponya, Mel Stottlemyre, anavutika nawo kuyesa kuuwongola, osatheka, mpaka anagwirizana zongousiya. Rivera, munthu wopemphera kwambiri, wakhala akunena kuti inali mphatso yochokera kwa Mulungu. Kaponyedwe kameneka dzina lake ndi cutter.

Mpira wa baseball umalemera magalamu 142 mpaka 149, ndipo chikopa chake n'chosokedwa ndi ulusi wofiira umene umapanga msoko wotukuka. Woponya mpira wowongoka wa liwiro amaika chala cha mkombaphala ndi chapakati mopingasa msokowo, pakatikati pa mpira, chala chachikulu chili pansi. Mpira umachoka ukuzungulira chakumbuyo n'kuyenda molunjika. Pa cutter zala ziwirizo zimasunthira pang'ono chakunja, ndipo chala chapakati ndicho chimakanikiza kwambiri n'kukhala chomaliza kuchoka pa mpira. Dzanja silipotokola. Kusuntha kwakung'onoko kumapendeketsa kazunguliridwe, mpira n'kumathamanga pafupifupi ngati wowongoka uja koma ukutsetsereka cham'mbali masentimita ochepa, kulowera kumanzere kwa woponya wa dzanja lamanja ngati Rivera.

Masentimita ochepawo ndi okwanira. Mpira wa makilomita 150 pa ola umafika kwa womenya m'nthawi yosakwana theka la sekondi. Iye amasankha zomenya kapena kusiya mpira uli chapakati pa ulendo, ndipo ndodo ikanyamuka sangaisinthenso njira kwenikweni. Cutter ya Rivera inkaoneka yowongoka pa nthawi yosankhayo, koma ndodo ikamafika mpira unali utasuntha kale. Tsono ndodo yomenyera ndi ya mtengo, yonenepa kumutu mpaka masentimita 6.6, koma kogwirira ndi yoonda, yosafika masentimita atatu. Mphamvu yonse ili kumutuko. Kwa womenya wamanzere mpirawo unkalowera cha m'zibakera, n'kugunda pamalo oonda, ndodo phwa, mpira n'kungogubuduzika pafupi. Kwa womenya wamanja unkathawira kunja n'kukhudza kansonga kokha. M'masewero achinayi a World Series ya 1999, Ryan Klesko wa Atlanta Braves anathyoledwa ndodo zitatu pa ulendo umodzi womenya, ndipo kamera inagwira mnzake Chipper Jones akuseka pa benchi. Omenya ena odziwa kumenya mbali zonse ziwiri, amene mwa chizolowezi amaima chamanzere akakumana ndi woponya wamanja, kwa Rivera ankasankha kuima chamanja kuti apulumutse zala ndi ndodo.

Apa m'pamene ambiri amasokonezeka, kuganiza kuti chinsinsi chinali kagwiridwe ka mpira. Kagwiridweko Rivera ankakaonetsa kwa aliyense womufunsa, ngakhale a matimu ena. Chovuta kutengera chinali kulunjika. Cutter yolephera ndi yoopsa kwa mwini wake. Chala chapakati chikapanda kukanikiza mokwanira, mpira sukhota, umangokhala wowongoka wochepa liwiro wodutsa pakati pa kachimbale, ndipo woterowo umamenyedwa n'kukatera kuseri kwa mpanda, chomwe ndi chigoli nthawi yomweyo. Woponya akapotokola dzanja pofuna kuti ukhote kwambiri, umakhota msanga, womenya n'kuuona, liwiro n'kutsika, chigongono n'kumasenza katundu wosayenera. Rivera ankaika mpirawo m'mphepete mwa kachimbale, mbali ino kapena iyo, pakati ayi. Womenya wamanzere akatopa ndi wa m'zibakera n'kufutuka pang'ono, Rivera ankauyambira kunja, womenya n'kuusiya poganiza kuti ndi ball, iwo n'kukhotera m'mphepete, strike. Nthawi zina ankaponya wowongoka m'mwamba kuti asinthe maso a womenya, ndipo pambuyo pake anawonjezera wina wokhotera mkati mwa omenya amanja. Koma mipira yambiri inali cutter yomweyo, malo okha ndiwo ankasintha.

Manambala oona a Rivera ndi awa. Pa ma inning opitirira 1,283 amene anaponya, anapereka base yaulere ka 286 kokha, kutanthauza kawiri pa ma inning 9 aliwonse. Mu 2008, ali ndi zaka 38, anapereka base yaulere ka 6 chaka chonse pa ma inning opitirira 70, n'kutseka masewero 39 pa mwayi 40. Chaka chimenecho anachita zonsezi phewa likumupweteka, ndipo chitangotha anakachitidwa opaleshoni yaing'ono.

Kulunjika koteroko kumachokera m'thupi lobwereza chinthu chimodzimodzi. Rivera ankayamba ndi kuwerama, n'kuweramuka manja ali pamodzi, kutukula mwendo wamanzere, kuponda molunjika kwa wowakha, mkono n'kutsatira mofewa, mpira n'kuchoka pamalo amodzimodzi ulendo uliwonse. Panalibe kudzigwedeza kapena kugwera cham'mbali. Woponya amene amafinya liwiro ndi mphamvu za mkono wokha amadya mitsempha ya m'chigongono ndi m'phewa. Amene amatenga mphamvu kumiyendo ndi m'chiuno amausunga mkono. Kasungidwe kena kanali m'zochita za tsiku ndi tsiku. Zigawo zoyambirira ankakhala m'chipinda cha osewera akuwongoledwa thupi, akuonerera masewero pa kanema, n'kupita ku bullpen masewero ali chapakati. Foni ikalira ankamasula phewa pozunguza mpira wolemera, n'kuponya mipira yochepa, basi wakonzeka. Zimenezi n'zofunika kuposa mmene zimaonekera. Oponya olowa m'malo ambiri amathera ku bullpen komweko: amauzidwa kutenthetsa mkono, zinthu n'kusintha m'bwalo, n'kukhala pansi, kenaka n'kuuzidwanso kudzuka. Mipira yonseyo silembedwa paliponse, koma mkono umaiwerenga.

Tsono zolephera. Rivera analephera pamasiku aakulu kwambiri, dziko lonse likuona, ndipo kulephera kulikonse kumaphunzitsa mbali ina ya ntchitoyi. Mu Okutobala 1997, m'masewero achinayi olimbana ndi Cleveland, anasiya mpira m'mwamba chakunja, Sandy Alomar Jr. n'kuutumiza kuseri kwa mpanda. Yankees inatuluka mumpikisano tsiku lotsatira. Kenaka inatenga World Series zaka zitatu zotsatizana, 1998, 1999 ndi 2000, Rivera akutseka.

Usiku wa pa 4 Novembala 2001 ku Phoenix ndiwo woyenera kuuyang'ana pafupi. Anali masewero achisanu ndi chiwiri, omaliza, a World Series ndi Arizona Diamondbacks. Yankees inkatsogola 2-1. Rivera analowa m'chigawo cha 8 n'kutulutsa atatu ndi ma strike. M'chigawo cha 9 Mark Grace anamenya mpira wodutsa pakati n'kufika pa base yoyamba. Damian Miller anangougunditsa pang'ono kuti wothamanga asunthe. Rivera anautola n'kuponya ku base yachiwiri, koma anaphonya, mpira n'kupitirira. M'malo mwa munthu mmodzi wotuluka panali awiri pa base, wotuluka palibe. Jay Bell anagunditsanso, ndipo ulendo uno Rivera anatulutsa wothamanga pa base yachitatu. Tony Womack anamenya kumanja, zigoli n'kufanana. Craig Counsell anagundidwa ndi mpira, ma base onse n'kudzaza, wotuluka mmodzi yekha. Madzi anali atafika m'khosi. Torre anasendeza osewera a mkati kufupi, kuti mpira wogubuduzika ukabwera atulutse wothamanga pa home plate. Wofotokoza masewero pa kanema, Tim McCarver, anachenjeza nthawi yomweyo kuti omenya amanzere akakumana ndi Rivera amakonda kumenya timipira tofooka togwera kuseri pang'ono kwa osewera a mkati. Luis Gonzalez, wamanzere, anagwira ndodo chakumtunda. Cutter inalowa m'zibakera monga mwa masiku onse, ndipo kampira kofooka kanadumpha pamutu pa Derek Jeter, wosewera wa mkati wa Yankees, n'kugwera pamene akanaima pakanapanda kusendera kuja. Arizona inapambana 3-2.

Mpira womalizawo unali wabwino, unachita zimene unapangidwira. Chimene chinataya masewero ndi kuponya kuja kwa ku base yachiwiri, ntchito imene oponya amaibwereza mazanamazana pokonzekera chaka. Rivera anaima pamaso pa atolankhani n'kuyankha mafunso awo osaloza chala wina. Pambuyo pake, mnzake Enrique Wilson anamuuza kuti Yankees ikanapambana, akanatsala ku New York kudikira chikondwerero n'kudzakwera ndege yopita ku Santo Domingo imene inagwa ku Queens pa 12 Novembala. Rivera anamuyankha kuti akuthokoza kuti analephera, chifukwa mnzake ali moyo.

Mu 2004 phunziro linali la base yaulere. Yankees inali itagonjetsa Boston Red Sox masewero atatu oyamba, ndipo m'achinayi inkatsogola 4-3 m'chigawo cha 9. Rivera, amene masiku ochepa m'mbuyomo anali ku maliro a abale awiri ku Panama, anapatsa Kevin Millar ma ball anayi. Dave Roberts analowa kudzathamanga m'malo mwake, n'kuthamangira ku base yachiwiri Rivera akuponya mpira woyamba, Bill Mueller n'kumenya wodutsa pakati. Boston inapambana masewerowo ndi atatu otsatira, n'kukhala timu yoyamba mu ligi yaikulu kupambana mpikisano wotere itagonja masewero atatu oyamba. Pa chigoli chimodzi, kupereka base kwa womenya woyamba ndi kulakwa kwakukulu kwa wotseka, chifukwa wothamanga amafika pa base yachiwiri popanda wina kumenya mpira. Epulo wotsatira, ochemerera a Boston anamuwombera m'manja momuseka pa bwalo la Fenway Park. Iye anamwetulira n'kuwavulira chipewa, ndipo chaka chimenecho anaponya bwino kuposa zaka zambiri za m'mbuyo.

Kuti tione kulemera kwa zimenezi tiyang'ane anzake. Eric Gagné wa Los Angeles Dodgers anatseka masewero 84 otsatizana osataya pakati pa 2002 ndi 2004, koma mu 2005 chigongono chinamugwira ndipo sanabwererenso pamene anali. Brad Lidge wa Philadelphia Phillies sanataye save ngakhale imodzi mu 2008, pa mwayi 41, koma chaka chotsatira anataya 11. Umu ndi mmene ntchitoyi imakhalira kawirikawiri. Munthu amawala zaka ziwiri kapena zitatu, kenaka mkono umatha, kapena omenya amamuphunzira, kapena mantha amalowa n'kuyamba kuthawa kachimbale.

Umboni umene ndimaudalira uli m'masewero a chikho a mu Okutobala, pamene omenya onse ndi akatswiri ndipo Torre ankakonda kumulowetsa m'chigawo cha 8 kuti atulutse anthu asanu ndi mmodzi. Pali muyeso wotchedwa ERA: umatenga zigoli zimene woponya wamwetsedwa mwa iye yekha, kuchulukitsa ndi 9, n'kugawa ndi ma inning amene waponya. Woponya wa 3.00 ndi wabwino ndithu. Rivera anaponya ma inning 141 m'masewero 96 a chikho n'kumwetsedwa zigoli zotere 11. Ukachulukitsa 11 ndi 9 n'kugawa ndi 141 umapeza 0.70. Ma inning 141 ndi ntchito ya zaka ziwiri zathunthu kwa wotseka. M'masewero onsewo mpira wake unatumizidwa kuseri kwa mpanda kawiri kokha, ndi Alomar mu 1997 ndi Jay Payton wa New York Mets mu 2000. M'masewero wamba ERA yake ya zaka 19 inali 2.21. Anatenga chikho chachisanu mu 2009, ndipo pa 19 Seputembala 2011 anaposa ma save 601 a Trevor Hoffman, amene mpaka nthawiyo anali ochuluka kuposa a wina aliyense.

Chimene chinatsala pang'ono kumutulutsa sichinali mkono. Rivera ankalimbitsa thupi pothamangira mipira ya m'mwamba anzake akamayeserera kumenya, chizolowezi cha zaka zambiri. Pa 3 Meyi 2012 ku Kauffman Stadium, mumzinda wa Kansas City, akuthamangira mpira wa Jayson Nix pafupi ndi mpanda, bondo lamanja linapotoka ndipo mtsempha wa mkati wotchedwa ACL unaduka. Anamunyamula pa kagalimoto. Anali ndi zaka 42, ndipo ambiri ankayembekeza kale kuti chimenecho chikhala chaka chake chomaliza. Tsiku lotsatira anauza atolankhani kuti abwereranso, sangachoke motero.

Kwa woponya wa dzanja lamanja, mwendo wamanja ndiwo umakankha thupi lonse kuchoka pa kachulu. Bondo limenelo likakayika, woponya amabweza mphamvu ndi phewa, kuponda kwake n'kufupika, mpira n'kuyamba kuchoka pamalo ena. Kwa munthu wodalira masentimita ochepa m'mphepete mwa kachimbale, zimenezo n'zokwanira kuthetsa ntchito. Opaleshoni inachedwa chifukwa madokotala anapeza magazi oundana m'katumba wa mwendo womwewo, ndipo anayamba wamwa mankhwala osungunula magaziwo. Masabata odikirawo anawagwiritsa ntchito kulimbitsa minofu yozungulira bondo, zimene zimathandiza munthu kuchira msanga. Anachitidwa opaleshoni pa 12 Juni. Chaka chimenecho Rafael Soriano anagwira ntchito yake n'kulemba ma save 42, zosonyeza kuti kwa chaka chimodzi wotseka wabwino amapezeka. Chosowa ndi amene angachite zimenezo zaka 15 motsatizana.

Pa 9 Malichi 2013 analengeza kuti chaka chimenecho n'chomaliza. Kulengezeratu kuli ndi ngozi yake, chifukwa wosewera akafooka pakati pa chaka, mphunzitsi amavutika kumuchotsa pamene mabwalo onse akumutsanzika. Rivera sanamuike mphunzitsi wake Joe Girardi m'vuto limenelo. Ali ndi zaka 43 analemba ma save 44, ERA yake 2.11. Liwiro linali litatsika, ndipo mu Ogasiti anataya ma save atatu otsatizana koyamba pa moyo wake, Miguel Cabrera wa Detroit atamumenyera kuseri kwa mpanda kawiri m'masiku atatu. Ukalamba wa woponya umaoneka chonchi: mpira wolakwika umene kale womenya ankangoukhudza, tsopano amaupeza bwinobwino.

Mmene anatsanzikira zimandisangalatsa kuposa mphatso zimene analandira. Pa bwalo lililonse limene Yankees inapitako, anapempha kukumana ndi anthu amene saoneka pa kanema, ogulitsa matikiti, osamalira udzu, ophika, alonda ndi ochemerera akalekale, n'kukhala nawo pansi kuwathokoza. Minnesota Twins inamupatsa mpando wopangidwa ndi ndodo zothyoka. Pa masewero a akatswiri a All-Star ku Citi Field mu Julayi, mphunzitsi Jim Leyland anamulowetsa m'chigawo cha 8 osati cha 9, poopa kuti timu ya eni bwalo ikatsogola sipakhalanso chigawo chomaliza choti aponye. Atatuluka ku bullpen anapeza bwalo lopanda wosewera wina. Matimu onse awiri anatsala pa mabenchi awo akuwomba m'manja. Anatulutsa omenya atatu motsatizana. Pa 22 Seputembala Yankees inapumitsa nambala yake 42. Nambalayi ligi yonse inali itaipumitsa kale mu 1997 polemekeza Jackie Robinson, munthu wakuda amene anathyola tsankho mu ligi yaikulu mu 1947, ndipo okhawo amene anali akuivala kale ndiwo analoledwa kupitiriza. Rivera anali womaliza.

Pa 26 Seputembala, Yankees ili kale kunja kwa mpikisano wa chikho ndipo ikugonja 4-0 kwa Tampa Bay Rays, analowa m'chigawo cha 8 n'kutulutsa awiri, m'cha 9 n'kutulutsanso awiri. Mwa mwambo, mphunzitsi ndiye amapita ku kachulu kukatenga mpira kwa woponya. Girardi anapempha chilolezo kwa oweruza masewero n'kutuma Jeter ndi Andy Pettitte, amene anakulira limodzi ndi Rivera m'matimu aang'ono. Rivera atawaona anamwetulira, n'kupereka mpira kwa Pettitte, kenaka anamugwera paphewa n'kulira mosadziletsa. Masewero atatha anabwerera yekha pa kachulu, n'kupalasa dothi ndi nsapato, n'kutapa lodzaza dzanja. Panatsala masewero atatu ku Houston ndipo panali nkhani yoti amulole kusewera kumbuyo kumene ankakonda kuthamangira mipira, koma anakana chifukwa cha bondo, n'kuulula kuti mkono unali ukumupweteka m'masabata omaliza. Chaka chotsatira ntchito yotseka inapita kwa David Robertson, ndipo Rivera ndi mkazi wake Clara anatsegula tchalitchi ku New Rochelle.

Kuti wosewera alowe mu Hall of Fame, nyumba yolemekeza akatswiri a baseball ku Cooperstown, ayenera kukhala atasewera zaka zosachepera 10, atapuma zaka zisanu, ndipo atolankhani ovota 75 pa 100 aliwonse amulembe. Palibe amene anali atalembedwapo ndi onse. Ken Griffey Jr. anaperewera mavoti atatu mu 2016. Pa 22 Januwale 2019 mapepala onse 425 anali ndi dzina la Rivera. M'gulu la chaka chomwecho munalinso Roy Halladay, amene anamwalira pa ngozi ya ndege mu Novembala 2017. Pa All-Star ya 2008 Halladay, ali ku Toronto, timu yolimbana ndi Yankees chaka ndi chaka, anapempha Rivera kuti amuonetse kagwiridwe ka cutter. Rivera anamuonetsa, Halladay n'kujambula ndi cholembera pa mpira pamene zala ziyenera kukhala, ndipo cutter yake ikayamba kusochera ankatenga mpira uja n'kuikanso zala m'mizere. Pa mwambo wowalowetsa mu Hall of Fame pa 21 Julayi 2019, Brandy, mkazi wa Halladay, ndiye analankhula m'malo mwake, Rivera ali pa nsanja yomweyo.